Ma poster okha sasiyitsa munthu fodya

Achemwali, ndaona zoti kalabu yanu ya achinyamata ikufuna kupanga ma poster oletsa kusuta, koma ndalama za kalabuyo musathere pa ma poster chonde. Olo mutamata mtengo uliwonse kuchokera pa boma la Mangochi mpaka ku Namwera, palibe mnyamata angataye vape, ndudu yamagetsi ija, chifukwa cha pepala. Ndikulemba pano mtima ukuwawa.

Abambo anga anali msodzi ku Malombe, chingambwe amapichira okha, amati chimathamangitsa tulo ndi kuzizira usiku pa bwato. Atayamba kutsokomola tonse tinkati ndi TB, mankhwala anamwa mpaka kumaliza koma osasintha. Tsiku lomwe zinavuta tinawatengera kuchipatala pa njinga yamoto m'bandakucha, mlongo wanga atawagwira kumbuyo, chitenje chomwe amatsokomolera chili magazi okhaokha, milomo itada bii. Tili pa benchi kunabwera wachipatala wina, kamnyamata koti nkukhala mdzukulu wawo, kungomva fungo la malaya awo basi kuyamba kukalipa anthu onse akumva. "Madala mumasuta eti? Simukuona icho chili pakhomacho? Mwadzipha nokha ndiye mukufuna ife titani?" Pakhomapo panalidi poster, ya Chingerezi, ndudu yodulidwa ndi mzere wofiira. Abambo sukulu sanapiteko, anangophunzira ku madrasa, Chichewa chimene amachiyankhula movutikira, chawo chinali Chiyao. Anayang'ana poster ija kenako nkuyang'ana ine kuti ndiwamasulire, ine pakamwa gwa. Anangovula kofia yawo nkuika pabondo nkumati pepani adokotala, pepani. Munthu akulephera kupuma koma akupepesa! Sabata sinathe tinaika maliro.

Munthu ameneyo sindinamukhululukire mpaka lero. Zaka zonse abambo akusuta panalibe ndi mmodzi yemwe anabwera pa doko kudzawauza m'chilankhulo chawo kuti mapapo akutha, kapena kuwauza kuti chibaba chikakugwira upange chakuti. Iye anadikira afike akulavula magazi ndiye adziwonetse kuti ndi ophunzira.

Pambuyo pa maliro ndinayamba kuwerenga za zinthuzi pa foni ndi mkwiyo womwewo. Ofufuza anapeza kalekale kuti zithunzi pa paketi zimagwira anthu kuposa mawu okha, Canada ndi imene inayamba kuika zithunzi zimenezi mu 2001. Koma kwathu kuno ndani amagula paketi? Timagula imodzi imodzi pa okala, paketi imatsala m'manja mwa wogulitsa, ndiye chingambwe chilibenso paketi nkomwe. Zomwe zinandigwira kwambiri ndi za ku America mu 2012, bungwe la boma loona zaumoyo la CDC linaika pa TV anthu enieni omwe fodya anawapweteka, wina ali ndi bowo pakhosi, wina atadulidwa miyendo, akufotokoza okha mmene amasambira ndi kuvalira, kumapeto nkuika nambala yoimba ukafuna thandizo. Kafukufuku anasonyeza kuti anthu pafupifupi 1.6 miliyoni anayesa kusiya chifukwa cha uthenga umenewo ndipo oposa 100,000 anasiyiratu. Munthu amamvera munthu mnzake, komanso umuuze kopita osati kungomuopseza nkumusiya. Ife Malawi tinalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi kusuta mu 2023, mayiko ambiri atalowa kale, paja fodya ndi amene amabweretsa ndalama zakunja ndiye akuluakulu amayankhula monong'ona.

Za vape ndiye zikundidetsa nkhawa kwambiri, anyamata obwera ku Joni akubwera nazo zonunkhira mango ndi sitiroberi, ana akuona ngati ndi chizindikiro choti zako zinayenda. Ukawafunsa akuti ndi nthunzi chabe malume si fodya. Zambiri mwa izo muli nicotine yemweyo wa mu ndudu, amene amabweretsa chibaba, ndipo ubongo wa mwana suchedwa kukodwa.

Ndiye ndalamazo pezani munthu wa konkuno woti anadwala kapena anasiya, akayankhule Chiyao pa doko asodzi akamasoka maukonde, mupemphe nthawi pa wailesi ya Dzimwe, mukambe ndi ma sheikh atchuleko Lachisanu. Nthawi ya Ramadan anthu amatha tsiku lonse osasuta, pamenepo mpoyambira pabwino kuwauza kuti apitirize ndi usiku womwe. Ndipo osamuchititsa munthu manyazi, osakalipa, akangochita manyazi amakasutira kuseri.

Koma mwana wapakhomo panu musamunyengerere ayi. Mwana wa mlongo wanga ndinamupeza nayo kuseri kwa bafa, ndinailanda nkuiphwanya ndi mwala anzake akuona, ndinamukalipira mpaka aneba anatuluka, kenako ndinamukhazika pansi nkumufotokozera za chitenje cha agogo ake chija mpaka analira. Ine ndine malume ake, sindingaike maliro awiri a nkhani imodzi. Mukakonza tsiku la pa doko mundiuze ku inbox ndibwera kudzayankhula, transport ndilipira ndekha.