Ana akafunsa kuti kumudzi kwathu n'kuti

Mayi wina wa ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, amene mizu yake ili ku Malawi, wandilembera imelo. Sukulu zatsekera, anzawo a ana ake akulongedza zikwama kupita kwa agogo awo ku Mutoko ndi ku Masvingo, ndiye mwana wake wamng'ono wamufunsa kuti, "Nanga ife kumudzi kwathu n'kuti?" Mayiyu akufuna kuyamba chizolowezi chowerenga pabanja m'masiku oyembekezera Khirisimasi, koma anawo amadziwa Chishona ndi Chingerezi basi. Awawerengere chiyani?

Achemwali, funso la mwana wanulo landilasa mtima, chifukwa inenso ndinalifunsapo ndili wamng'ono ku Mabvuku, mu Harare momwemuno.

Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anali khukhi m'nyumba ya azungu ku Highlands. Pa 25 Disembala sitinkawaona, ankakhala ali pamoto kuphikira alendo a abwana, ndipo ife mpunga ndi nkhuku tinkadya pa 26. Koma mwezi wonsewo, madzulo akaweruka, ankatulutsa Buku Lopatulika lawo lokutidwa ndi pepala la khaki, n'kutikhazika pamkeka ife zidzukulu. Ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Akafika pa abusa ogona kubusa usiku ankatseka buku n'kuyamba kusimba za mbuzi za atate awo kuphiri la Dedza, za afisi, za chisanu cha mu Juni. Ife mawu ambiri sitinkawamva. Agogo aakazi ankatimasulira m'Chishona chawo chokhotakhota, ife n'kumaseka, iwonso n'kumaseka. Chichewa chomwe ndikulembachi ndinachitola pamkeka pomwepo.

Agogo aamuna anali ndi bokosi lachitsulo pansi pa bedi, momwe ankasungamo bulangeti ndi suti yoti adzavale tsiku lobwerera kumudzi. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Anagona m'manda a ku Mabvuku komweko.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva anthu a kwathu akuuza ana kuti, "Chichewa mudzakaphunzira tikadzapita ku Malawi." Mudzapita liti? Ulendowo aliyense amaudziwa: basi ya ku Blantyre, chipata cha Nyamapanda, kudutsa Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake, komanso simungafike kwa achibale chimanjamanja. Banja lodalira kugulitsa tomato pamsika lidzasonkha liti ndalama zimenezo, pamene Januwale akudikira ndi fizi ndi yunifolomu? Anzathu amangopita pa Mbare Musika, kukwera basi, madzulo ali kwawo. Ife zathu n'zina, ndipo tisiye kuchita nazo manyazi. Makolo athu anagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi, m'makhitchini ndi m'misewu ya mzinda uno. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri a ife ndi ziphaso zotitcha alendo m'dziko lomwe tinabadwiramo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabweza unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC, ndipo pa zilankhulo 16 zovomerezeka Chichewa chilipo, ndichonso chotchulidwa poyamba. Boma lavomereza, ndiye ife eni ake tizichinong'oneza m'nyumba mwathu momwe?

Mwana wanu muuzeni zoona: kwathu ndi ku Mufakose, ndipo mizu yathu ili ku Malawi. Mutchulireni boma, mfumu ya m'mudzimo, ndi mfunda wake, kaya ndi Phiri, Banda kapena Mbewe. Mwana wodziwa zimenezi sagwetsa nkhope anzake akamamuseka.

China chomwe chimandiwawa ndi mpikisano wa zovala. Makolo amakongola ndalama kuti mwana aoneke pa Khirisimasi, nsapato zatsopano, zakumwa za Mazoe, kupita naye m'tauni kukajambulitsa. Sindikuletsa, inenso diresi yatsopano ndinkaikonda. Koma pofika Febuluwale nsapatoyo yathina, pamene nthano ya Kalulu ndi Fisi yomwe anasimba agogo ndikuisimbirabe ana anga. Komanso taonani gule wamkulu akatuluka m'makwalala a Mabvuku kapena Tafara pa tchuthi: ana amathamangira, koma nyimbo zake sazimva. UNESCO inalemekeza guleyu mu 2005, ana athu n'kumangomuona ngati choopseza basi. Kaya ndinu a mpingo wosagwirizana ndi gule, mwana ayenerabe kudziwa kuti zimenezi n'za anthu a kwawo.

Tsono muwerenge chiyani?

Yambani ndi chomwe chilipo. Mabuku a ana a Chichewa ndi osowa m'masitolo a mu Harare, koma Baibulo limapezeka. Funsani ku mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Harare kapena kwa agogo aliyense wa chigwirizano. Buku Loyera la 1998 lili ndi Chichewa chofewa kuposa Buku Lopatulika, ndipo pafoni limapezekanso. Luka mutu 1 ndi 2, ndi Mateyu mutu 1 ndi 2, muwagawe tizigawo ta mavesi ochepa, zikufikitsani pa 24 Disembala. Inu werengani m'Chichewa, mwana wamkulu awerenge ndime yomweyo m'Chishona, kenako nyimbo imodzi ya Khirisimasi. Mphindi 15 zakwana, mukatha kudya nsima, mafoni ali patali. Magetsi akathima yatsani kandulo mupitirize. Mabuku a nthano a Chingerezi ndi Chishona kabwerekeni ku Harare City Library, amenewo aziwerenga masana mvula ikawatsekera m'nyumba.

Ndipo ngati pamzere wanu pali nkhalamba yochokera ku Malawi imene ikukhala yokha, iitaneni Loweruka madzulo, muiphikire tiyi, idzawasimbire ana nthano. Muijambule mawu pafoni. Anthu amenewa akutha, achemwali, chaka chino chokha taika angapo kuno kwathu.