Doko, gombe ndi khoma lotchinga mafunde

Funso: Ndikumasulira chikalata cha ntchito yomanga pokochezera maboti kuno ku Mangochi. Kodi doko ndi gombe n'chimodzimodzi? Nanga breakwater ndilembe kuti chiyani?

Yankho: Ayi, n'zosiyana. Gombe ndi m'mphepete monse mwa madzi, kaya pali mchenga, bango kapena matanthwe. Doko ndi malo apagombepo amene anthu anawazolowera kukochezapo, kutsitsirapo nsomba, kuchapirapo ndi kutungapo madzi. Ku Msaka kapena ku Malembo, mayi akanyamula beseni m'bandakucha kukapikula usipa amati akupita kudoko, chikhalirecho pamalopo sipanathiridwe simenti ndi pang'ono pomwe. Mawu omwewa ndiwo timatchulira Monkey Bay, kumene imakonzedwera Ilala, sitima imene inayamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951. Mukafuna kusiyanitsa, lembani doko la sitima kapena doko la asodzi. M'mabuku ena akale mupeza analemba dooko, musadabwe, ndi lomweli.

Pa breakwater musavutike kupeka mawu atsopano. Lembani khoma lotchinga mafunde, ndipo ngati angounjika miyala ikuluikulu osamanga ndi simenti, nenani mzere wa miyala wotchinga mafunde. Ndaonapo ena atalemba damu, koma kumeneko n'kusocheretsa anthu. Damu limasunga madzi, pamene khomali ntchito yake n'kuswa mphamvu ya mafunde kuti kuseri kwake madzi adekhe, makamaka mwera ukavuta kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti.

Musalisokonezenso ndi jete. Jete ndi poyendapo polowera m'madzi akuya kuti anthu akwere ndi kutsitsa katundu. Mawuwa ndi obwereka, inde, koma akunyanja anawalandira kalekale, ndiye alekeni choncho.

Chikalatacho mukawerengere asodzi musanachisindikize. Iwo afunsa za mchenga, chifukwa amadziwa kuti mafunde amauyendetsa motsata gombe, ndipo ukautchingira umaunjikana mbali imodzi kwinaku gombe likugumuka mbali inayo. Mawu oti kugumuka kwa gombe awamva msanga, makamaka amene anaona madzi akulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo nyanja itasefukira mu 2024.

Funso: Ana asukulu amandifunsa kusiyana kwa bwato, boti ndi ngalawa. Ndiwayankhe bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, atengereni kudoko akaone okha. Bwato ndi losema kuchokera ku thunthu limodzi la mtengo, ndipo timalipalasa ndi nkhafi. Boti ndi lokhoma ndi matabwa, nthawi zambiri la injini kumbuyo. Pausodzi wa ukonde waukulu wotchedwa chilimira zonsezi zimapita limodzi, boti kunyamula ukonde ndi alovi, anthu ouponya ndi kuukoka, bwato kunyamula nyali zokopera usipa. Ngalawa ndi mawu amene timagawana ndi Chiswahili. Masiku ano amamveka kwambiri kutchalitchi, ndipo msodzi wa ku Makanjira simungamumve kawirikawiri akutcha boti lake choncho.

Funso: Kodi sitima ikaima patali ndi mtunda tingati yakocheza?

Yankho: Polankhula wamba ambiri amatero, ndipo sindingawadzudzule. Koma polemba, kukocheza n'kufika pagombe kapena pajete penipeni. Ilala ikafika pamalo opanda jete imaponya nangula pakuya, okocheza ndi maboti ang'onoang'ono amene amatuta anthu ndi matumba awo kupita nawo kumtunda.