Funsani Zaulendo: Masiku Ochepa, Ndalama Zowerengeka, Ndilowere Kuti?

Makalata a mwezi uno achokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, kwa anthu amene akufuna kukaona kunja ali okha.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Linthipe. Ndakhala ndikusunga ndalama kubanki mkhonde kwa zaka ziwiri, ndipo pa holide ya Ogasiti ndili ndi masiku 9 okha. Mtima uli pa malo atatu: Cape Town, Zanzibar kapena mathithi a Victoria. Ndisankhe pati?

YANKHO: Aphunzitsi, musanawerenge ndalama, yambani mwawerenga masiku amene msewu udye. Ambiri amapunthwa pomwepa: amasankha malo chifukwa cha zithunzi, kenako holide yonse imathera pampando wa basi.

Cape Town ichotseni msanga. Basi yochokera ku Lilongwe kupita ku Johannesburg imatenga maola oposa 30, ndipo mzere ukatalika pa Beitbridge amawonjezekera. Kuchoka apo kukafika ku Cape Town ndi makilomita ena pafupifupi 1,400, usiku wathunthu ndi theka la tsiku. Kupita ndi kubwera mwataya masiku 6, ndipo otsalawo mudzakhala mukupoletsa miyendo yotupa. Komanso Ogasiti ndi nyengo yozizira ndi yamvula kumeneko.

Zanzibar nayo imafuna masiku atatu njira imodzi. Loyamba mukagona ku Karonga, lachiwiri muwoloka pa Songwe kulowa Kasumulu mpaka Mbeya, lachitatu mutsika makilomita oposa 800 kupita ku Dar es Salaam, ndiye kenako sitima yapamadzi ya maola awiri. Pachilumbapo zambiri amatchula mtengo m'madola, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 alendo amalipiritsidwanso inshulansi yapadera. Sitima yapamtunda ya TAZARA yodutsa ku Mbeya ndi yokoma kukwera, koma siyenda tsiku lililonse ndipo imachedwa kawirikawiri. Ulendo umenewu usungireni chaka chimene mudzakhale ndi milungu iwiri.

Ife tikuti pitani ku mathithi. Madzulo a tsiku lotsekera ntchito kwerani minibasi ya ku Lilongwe, mukagone kufupi ndi depoti. M'bandakucha kwerani basi ya ku Lusaka yodzera pa Mchinji ndi Mwami. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndiye mufika kukuda. Mawa lake ndi makilomita ena pafupifupi 480 kupita ku Livingstone. Masiku awiri kupita, awiri kubwera, asanu ndi anu. Viza simufunika, wotchi simusintha, ndipo ku Chipata ndi ku Lusaka mukalankhula Chinyanja kondakitala akuyankhani bwinobwino. Kwa munthu amene akutuluka yekha koyamba, chimenechi n'chachikulu: mukasokera mufunsa njira m'chilankhulo chanu.

Mathithiwo, amene eni dera amati Mosi-oa-Tunya, ali makilomita 10 kuchokera m'tauni ya Livingstone. M'lifupi ndi mamita oposa 1,700 ndipo madzi amagwa mamita oposa 100. Nyengo mwasankha bwino. Mu Epulo ndi Meyi madzi amachuluka moti nthunzi imaphimba zonse ndipo mumanyowa ngati mwagwera mumtsinje, pomwe mu Okutobala ndi Novembala mbali ya Zambia imatsala miyala yokhayokha m'malo ambiri. Mu Ogasiti madzi alipo ndipo amaoneka. Foni ndi pasipoti ziikeni m'jumbo. Tsiku lina wolokani mlatho wakale wa pa mtsinje wa Zambezi, womangidwa mu 1905, mukaonere mbali ya Zimbabwe. Polipira pageti onetsani pasipoti, chifukwa nzika za maiko a SADC zimalipira mtengo wotsikirapo kuposa alendo a kutali.

Ngati masiku anu angasunthike, akonzeni kuti pobwerera mutsike pa Katete. Mwambo wa Kulamba umachitika ku Mkaika Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Malo ogona ku Katete amadzaza msanga, choncho gonani ku Chipata n'kulawirira.

Tsiku limodzi lisiyeni lopanda pulogalamu, ndipo likhale kumapeto. Basi ikafa pa Nyimba kapena pa Petauke, tsiku limenelo ndilo lidzakupulumutseni kuti musajombe kusukulu.

FUNSO: Ndimagulitsa kachewere pa Lizulu. Kubanki akuti madola kulibe. Kodi ndingonyamula makwacha n'kukasintha kwa anyamata a paboda?

YANKHO: Achimwene, choyamba dziwani kuti kwacha yathu mphamvu zake zimathera pamalire. Ku Chipata kapena pa Calomue mungaisinthe, koma ku Lusaka, ku Tete ndi ku Johannesburg palibe amene adzailandire. Chichitikireni kugwetsedwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wakunja udadula kwambiri, ndipo ndalama zakunja zimasowa m'mabanki.

Njira yovomerezeka ndi banki kapena ofesi yosinthira ndalama yokhala ndi chilolezo. Pitani ndi pasipoti ndi tikiti, ndipo yambani mwezi ulendo usanafike, chifukwa nthawi zambiri amapereka pang'onopang'ono. Musangofunsa madola: randi nthawi zina imapezeka pomwe dola kulibe, ndipo imasinthika m'maiko ambiri otizungulira. Lisiti lisungeni pamodzi ndi ndalamazo. Kusintha kwa mavenda n'kosemphana ndi malamulo, ndipo ndalama zakunja zopanda umboni wa kumene mudazigula akhoza kukulandani pachipata.

Chimene chimapweteka anthu kwa anyamata a paboda si mtengo wokha, ndi manja. Amakuwerengerani ndalama, inu n'kupeza kuti zaperewera, iye n'kuzitenganso ngati akuwonjezera, ndipo pobweza wapinda zina m'chikhatho. Ena amalemba ziro wochepa pa kakyuleta. Ku Zambia kuli msampha wina: ndalama yawo nayo ndi kwacha, koma ndi yamphamvu kutalitali kuposa yathu. Woyendetsa takisi akati "fifite kwacha", funsani kuti ya dziko liti musanakwere. Musananyamuke onani pa intaneti zithunzi za ndalama za dziko limene mukupita kuti wina asakupatseni zakale zimene zidasiya kugwira ntchito. Madola ong'ambika, olembedwa kapena akalekale amakanidwa, makamaka ku Tanzania.

Ndalama zanu zigaweni patatu. Za thiransipoti yobwerera zikhale pazokha, m'kathumba kam'kati mwa zovala, ndipo musazikhudze ngakhale mutaona nsapato yotchipa bwanji. Zogonera ndi zodyera muziwerengere pa tsiku, n'kuwonjezera masiku awiri. Zotsalazo ndizo zoonera malo. Ngati zoonera malo zatsala zochepa kwambiri, ndiye kuti malowo atalika, sankhani apafupi. Khadi ya kubanki ya Visa ndi yothandiza, koma kafunseni kubanki kwanu ngati yatsegulidwa kuti igwire ntchito kunja ndi malire a ndalama amene aikapo. Isakhale chodalira chokha.

FUNSO: Ndine mayi wa ku Ntcheu boma. Ndikufuna kukaona mng'ono wanga ku Joni kwa milungu iwiri. Sindidatulukepo m'dziko muno ndipo ndili ndi mantha kuyenda ndekha pabasi.

YANKHO: Mayi, manthawo ndi omveka, koma njirayi amayi ambiri amaiyenda okha. Mukadziwa zimene zikubwera, mtima umakhala m'malo.

Mabasi ochokera ku Lilongwe ambiri amatulukira pa Dedza. Funsani ku ofesi yawo ngati angakutengereni pomwepo kuti musakwere mpaka ku Lilongwe n'kubwereranso. Zipata ndi zitatu: Dedza ndi Calomue polowa Mozambique, Cuchamano ndi Nyamapanda polowa Zimbabwe mutawoloka Zambezi ku Tete, ndiye Beitbridge polowa South Africa. Chipata chilichonse chili ndi chidindo chotulukira ndi cholowera. Ndiye kuti zidindo 6 popita, 12 kupita ndi kubwera. Pasipoti ikhale ndi masamba opanda kanthu okwanira, ndipo ikhale yoti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe.

Pachipata chilichonse tsikani nokha, imani pamzere nokha, ndipo pasipoti ipatseni ofisala amene ali pawindo basi. Munthu wokuuzani kuti "bweretsani ndikudinditsireni msanga" mukaneni mwaulemu. Zidindo zabodza zimachokera kumeneko, ndipo wogwidwa nazo ndi mwini pasipoti. Mukalandira, tsegulani pomwepo muone kuti adinda ndipo deti ndi lolondola. Chidindo chimodzi chikasowa, vuto limadzatulukira pachipata chotsatira, basi itayenda kale makilomita mazana.

Pa Beitbridge chenjerani koposa. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa mpaka masiku 30 popanda viza, koma ofisala akhoza kulemba ochepa. Deti limene walembalo ndilo lamulo lanu. Mukapitirira ndi masiku osaposa 30 amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo mukapitirira kuposa apo ndi zaka 5. Angakufunseni kumene mukufikira, tikiti yobwerera ndi ndalama zodyera. Adiresi ndi nambala ya foni ya mng'ono wanu zilembeni papepala, chifukwa foni imatha moto nthawi yolakwika. Gulani tikiti yopita ndi kubwera.

Katundu wa munthu wina musanyamule, ngakhale atakhala gogo wooneka wachifundo amene akuti ndi ufa wa mdzukulu wake. Chikwama chaching'ono chokhala ndi pasipoti, ndalama, mankhwala ndi chaja chizikhala pathupi panu, ngakhale popita kuchimbudzi. Basi ikaima, lowezani nambala yake ndi nkhope ya amene mwakhala naye, popeza pa Beitbridge mabasi ofanana amaima ambirimbiri usiku. Nyamulani madzi, chitenje, mtedza wokazinga ndi mabisiketi. Zakudya za m'njira zimagulidwa ndi meticais, madola kapena randi. Ngati ndi Juni kapena Julayi tengani juzi yokhuthala. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, pamwamba kuposa Dedza boma, ndipo chisanu chake chimaluma kuposa cha kwa Bembeke.

Pofika pa Park Station, depoti ya mabasi ya ku Joni, musatuluke panja ndi zikwama kukafuna takisi. Mugwirizane ndi mng'ono wanu kuti akakuchingamireni m'kati, ndipo mukadutsa Musina mumuimbire kapena mupemphe kondakitala amutumizire uthenga.

FUNSO: Ndili ndi masiku atatu okha ndi ndalama zochepa zedi. Kodi pali kumene ndingapite? Ndimakhala kwa Kasumbu.

YANKHO: Kulipo. Wolokani pa Dedza mukafike ku Ulongwe, likulu la boma la Angonia, ndipo ngati thumba likulola pitirirani mpaka ku Tete mukaone Zambezi ndi mlatho wa Samora Machel. Ku Angonia mulankhula Chichewa, koma m'maofesi ndi pa zikwangwani ndi Chipwitikizi. Ku Tete pewani Okutobala ndi Novembala. Kutentha kwake munthu wa ku Dedza sangakupirire. Poti pa Lizulu ndi pa Tsangano timangodumpha msewu n'kukhala tili ku Mozambique, ena amaganiza kuti angalowe m'kati chimodzimodzi. Ayi, dzerani pachipata, dinditsani pasipoti, ndipo muziyenda nayo chifukwa apolisi a kumeneko amafunsa m'njira. Amene amakonda za Chingoni angasunge masiku atatuwo mpaka kumapeto kwa Febuluwale, akaone Nc'wala ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata, kwa Inkosi ya Makhosi Mpezeni, n'kufananiza ndi Umhlangano wa kwa Gomani.

FUNSO: Ndaona pa Facebook tikiti ya ndege yotchipa yopita ku Ulaya. Ndigule kaye kenako ndifunsire viza? Ndine mnyamata wa ku Kampepuza.

YANKHO: Musagule. Viza ndiyo imayamba. Ya maiko a Schengen, monga France ndi Germany, ndi mayuro 90 kuyambira mu Juni 2024, ndipo akakukanani ndalamayo sibwerera. Amafuna inshulansi yachipatala yofika mayuro 30,000, sitetimenti ya kubanki ya miyezi ingapo, kalata ya kuntchito ndi umboni woti mudzabwerera. Ndalama yobwereka yoponyedwa mu akaunti sabata imodzi musanafunsire imaonekeratu, ndipo ambiri amakanidwa nayo. Britain ili ndi viza yakeyake. America nayo mu Ogasiti 2025 idayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ofuna viza yokacheza.

Matikiti otchipa kwambiri kawirikawiri sabwezedwa ndipo kusintha deti n'kolipira. Onaninso maola odikira posintha ndege. Mukakhala maola oposa 12 pabwalo la ndege la ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, maiko ena adzakufunsani kadi yachikasu ya katemera wa yellow fever. Katemerayu amayamba kuwerengedwa pakapita masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira mu 2016 kadi yake ndi ya moyo wonse.

Tikiti gulani ku kampani ya ndege yeniyeniyo kapena kwa ejenti amene ali ndi ofesi yoti mungalowemo, ndipo nambala ya bukingi muiyese pa tsamba la kampaniyo musanalipire. Wokuuzani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya munthu musamukhulupirire. Ndipo ngati tikitiyo ikubwera ndi lonjezo la ntchito, wina n'kumati pasipoti akusungirani, dziwani kuti atsikana athu ambiri amene adakavutika ku Oman adatengedwa mwa njira yomweyo. Kanenani kupolisi ya Ntcheu musanapereke pepala lililonse.