Mbuzizo zisagone pakhomo panu achemwali

Achemwali mwafunsa kuti mbuzi zitatu za aneba zakudyerani nandolo kachitatu konse, lero mwazigwira mwazimangirira pa mtengo wa mango, nde mwini wake akuopseza kuti akakunenezani kupolisi kuti mwaba, lamulo likuti chani? Ine ndine wa konkuno kwa Mabuka ku Mulanje, milandu ya mbuzi ndakhalirapo pabwalo kangapo.

Kugwira chiweto chomwe mwachipeza chikudya mmunda mwanu sikuba ayi. Vuto limabwera pa zomwe munthu amachita akagwira. Pompano itanani anthu awiri akaone mmundamo, mmodzi akhale wa komiti ya chitetezo cha mmudzi ngati alipo pafupi, jambulani pa foni nandolo wothyokayo ndi mapazi a mbuzi komanso mbuzizo zili zamoyo zopanda bala, mukatero zikokeni ulendo kwa anyakwawa dzuwa lisanalowe. Zikafika kumeneko zili mmanja mwa amfumu, mwini akaziwombole yekha, inu mwatsala ndi nkhani ya mbewu yanu basi.

Ndikukakamira za kugonazi chifukwa cha amalume anga. Mbuzi inawadyera chimanga chili mmawondo, iwo ndi mkwiyo anaimangirira kuseri kwa khitchini ati mwini abwere adzapepese kaye, osauza munthu aliyense. Usiku inazungulirazungulira mtengo mpaka chingwe chinaikola pakhosi, mmawa tinaipeza itauma lilime lili panja, kuonjezera apo inali ya bere. Pabwalo chimanga chawo chinangowerengedwa mapando ochepa koma iwo anauzidwa kubweza mbuzi yathunthu, munthu wolakwiridwa nkusanduka wolipira, mpaka lero zimandiwawa.

Nde musaiteme mwendo, musaiponyere mwala, za kuthira tameki mmadeya zija musaziganize nkomwe olo mtima ukuwawa bwanji. Kupha kapena kuvulaza dala chiweto cha mwini ndi mlandu wa kupolisi osati wa kwa amfumu, ndipo mukagulitsa kapena kuzinga imodzi kuti mudzilipire nokha pamenepo nde mwabadi, kuba ziweto khothi silinyengerera. Chiweto posamutsa chimafunanso kalata ya alangizi a ziweto, mukaitenga kuti pa mbuzi yoti si yanu?

Mwiniyo mwina adzanena kuti chimanga tinakolola kale, mbuzi zimamasulidwa nthawi ino. Musavomere zimenezo. Kwa anzathu komwe munda ukakololedwa kumangotsala mapesi zimamveka, koma kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo munda sukhala wopanda kanthu, nandolo amakhala mpaka Ogasiti kapena Seputembala, chinangwa chili momwemo chaka chonse, mbatata, nthochi, kudimba masamba, ndipo malo athu ndi ochepa kale poti gawo lalikulu lili ndi tiyi wa ma esiteti. Mbuzi yomasulidwa kuno ikadya kuti kupatula mmunda mwa munthu? Nchifukwa chake midzi yambiri inagwirizana kuti mbuzi ikhale pa chingwe kapena mkhola, eni ake azimwetera udzu. Pemphani anyakwawa anene poyera lamulo la mudzi wanu onse mukumva.

Za ndalama zolipitsa musatengere zomwe ena amanena. Khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo ake a mdera (ma by-law) kuchokera mu lamulo la maboma ang'ono la 1998, koma zindapusa za mbuzi zambiri amagwirizana ndi anthu ndi mafumu awo, nde za kwa Chikumbu kapena ku Bvumbwe sizingafanane ndi za kwanu. Dziwaninso kuti chindapusa cha kubwalo ndi china, chipukuta misozi cha nandolo wanu ndi china, anthu ambiri amabwerako chimanjamanja chifukwa chosafunsa chachiwirichi. Mtengo musautchule nokha, itanani alangizi a zaulimi ayeze zomwe zaonongeka, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe papepala asainire ndi tsiku lolipira. Akakana pitani kwa agulupu, kenako kwa a T/A, zikakanika konseko khothi la majisitireti lilipo pa boma ndipo zithunzi zija zikakuthandizani.

Musananyamuke zimwetseni madzi, zipatseni timasamba, chingwe chikhale chomasuka pakhosi, ndipo panjira muyende ndi mboni zanu zija.