Mwana wanga wa kabaza akufuna kukhala mphunzitsi wa njinga zamoto

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 24. Anakhoza MSCE koma sanasankhidwe ku yunivesite, ndiye kwa zaka zitatu tsopano akuyendetsa kabaza pa Lunzu. Anyamata ambiri amabwera kwa iye kuti awaphunzitse njinga, ndipo akuti akufuna imeneyi ikhale ntchito yake. Ine mtima suli m'malo. Kodi ntchito yotereyi ilipodi, kapena akungotaya nthawi? Ayambire pati?" Atero mayi wina wa ku Lunzu.

Mayi, ntchitoyi ilipo, ndipo ikanakhala mphamvu yanga, siteji iliyonse ya kabaza m'dziko muno ikanakhala ndi mphunzitsi wake. Koma zimene mwana wanu akuchita panopa sizinafike pa uphunzitsi, ndipo ndi bwino azimve kwa inu asanazimve kwa apolisi kapena kwa makolo a mwana wovulala.

Tonse tikudziwa mmene anyamata athu amaphunzirira njinga. Madzulo pa bwalo la mpira, mnzake amamuonetsa kilatchi, magiya ndi mafuta. Azungulira bwalolo masiku awiri, lachitatu ali pamsewu wa M1, kumbuyo wakweza mayi wobereka mwana, thumba la chimanga lili pa thanki. Waphunzira kunyamuka. Kuima sanaphunzire, chifukwa amene amamuphunzitsayo nayenso sanaphunzitsidwepo.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa inalowa m'nyumba mwathu. Mwana wa mlongo wanga anaphunzira choncho. Tsiku lina pokhota pamalo a mchenga, mbuzi inadumphira pamsewu, iye n'kukoka buleki yakutsogolo mwamphamvu. Helemeti anali atavala, koma lamba wa pachibwano sanamange. Helemetiyo inagubuduka yokha kukagwera mu ngalande, mutu n'kumenya pansi wosatetezeka. Tinamudikirira milungu ingapo kuchipatala, mu wodi yodzaza anyamata a msinkhu wake, ambiri ali ndi zitsulo m'miyendo. Anachira, koma khutu limodzi silimvanso. Zinthu ziwiri zimene zinamupweteka, buleki ndi lamba, mphunzitsi wodziwa ntchito amaphunzitsa tsiku loyamba.

Ndiye tiyambe ndi mapepala, pakuti palibe njira yowalambalala. Mumufunse mwachindunji ngati ali ndi laisensi yakeyake, chifukwa oyendetsa kabaza ambiri alibe. Laisensi ya njinga yamoto ili pawiri: A1 ndi ya njinga zazing'ono zosapitirira 125cc, pamene A ndi ya zazikulupo. Wofuna kuphunzitsa ena atenge A. Njinga yake ikhale yolembetsedwa, ya nambala, ya inshulansi. Akatero apite yekha ku ofesi ya Road Traffic, imene dzina lake lonse ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, akanene kuti akufuna kukhala mphunzitsi wovomerezeka. Kwa inu ofesi ya ku Blantyre ndiyo yapafupi. Ena angapite ku Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba. Ofesi imeneyi ndiyo imavomereza sukulu zophunzitsa kuyendetsa ndiponso aphunzitsi ake. Asadzere kwa madobadoba oima panja pa geti. Munthu amene laisensi yake ndi yogula sangaime pamaso pa ophunzira n'kuwauza kuti atsate malamulo. Buku la Highway Code aliwerenge mpaka athe kufotokoza chikwangwani chilichonse m'Chichewa chomveka, popeza ambiri mwa ophunzira ake sukulu anailekera ku pulayimale.

Mapepala ndi mbali yophweka. Yovuta ndi yakuti zaka zitatu za kabaza zamupatsa luso, koma zamupatsanso zizolowezi zimene ayenera kuzisiya: kudutsa minibasi kumanzere ikamatsitsa anthu, kulowa pakati pa magalimoto awiri, kuyankha foni njinga ikuyenda, kukweza anthu atatu. Wophunzira satengera zimene wauzidwa, amatengera zimene waona. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti iye mwini akayambe wakhala wophunzira pa sukulu yovomerezeka, ngakhale akuona ngati akudziwa kale zonse, kenako apemphe kukhala wothandizira mphunzitsi wamkulu kwa miyezi ingapo.

Ndikupatseni chithunzi cha phunziro labwino, kuti mukamuona akuphunzitsa muzidziwa choyang'ana. Injini isanalizidwe, wophunzira amayamba wakankha njinga ndi manja, kuikhotetsa, kuiimika, kumva kulemera kwake. Amayang'ana mpweya wa matayala, tcheni, oilo, magetsi, magalasi ndi mabuleki onse awiri. Mphunzitsi wandanditsa mabotolo apulasitiki odzaza mchenga pabwalo, ndipo wophunzira amazungulira mabotolowo pang'onopang'ono, pa liwiro la munthu woyenda pansi, osaponda pansi. Kuthamanga aliyense amatha. Kuyenda pang'onopang'ono ndiko kumaonetsa amene njinga yamumvera. Mphunzitsi amaima kutsogolo n'kumakuwa kuti "Dzutsa mutu! Yang'ana ine, usayang'ane botolo!" chifukwa njinga imapita kumene maso akuyang'ana. Woyang'anitsitsa dzenje amagwera m'dzenjemo.

Kenako mabuleki, ndipo apa mphunzitsi weniweni amathera maola. Anyamata ambiri amaopa buleki yakutsogolo, amati imagwetsa, ndiye amangodalira yakumbuyo. Zoona zake n'zakuti pa tala, pafupifupi magawo 70 pa 100 a mphamvu yoimitsa njinga amachokera ku buleki yakutsogolo, chifukwa poima kulemera konse kumathamangira ku tayala lakutsogolo. Chimagwetsa ndi kuikoka modzidzimuka, makamaka pokhota kapena pa mchenga. Iyenera kufinyidwa pang'onopang'ono ngati ukufinya ndimu, kuyamba mopepuka kenako kuonjezera, yakumbuyo ikuthandizira. Wophunzira abwereze zimenezi kambirimbiri mpaka dzanja lizolowere, popeza mbuzi ikadumpha palibe nthawi yoganiza. Mphunzitsi adziwenso masamu ake. Pa makilomita 60 pa ola njinga imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse njinga umawirikiza kanayi. Ayeze mamita 17 pabwalo ndi chingwe, ophunzira aone ndi maso awo mtunda umene amadutsa akangotembenuka kupatsa moni mnzawo. MSCE yake igwira ntchito pamenepa.

Za helemeti asamangoti "valani chifukwa apolisi akugwira". Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linafalitsapo zoti helemeti yovalidwa bwino imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi magawo 42 pa 100, ndipo cha kuvulala mutu ndi magawo 69 pa 100. Kuvala bwino ndi kumanga lamba mothina, moti pakati pa lamba ndi chibwano pangolowa zala ziwiri. Chipewa cha omanga nyumba si helemeti ya njinga. Helemeti yeniyeni imakhala ndi chizindikiro choti inayesedwa, monga ECE kapena DOT, ndipo imene inamenyapo pansi mwamphamvu yatha ntchito ngakhale kunja ikuoneka yabwino. Wokwera kumbuyo nayenso ali ndi mutu. Palinso phunziro la mathiraki, limene kwa wa pa Lunzu ndi la tsiku ndi tsiku: ngati suli kuona galasi la dalaivala, iyenso sakukuona, ndipo thiraki ikamakhota matayala akumbuyo amadula njira.

Kuti muone kuti kwina ntchitoyi amailemekeza, ku Britain kuyambira 1990 aliyense wofuna kuyenda pamsewu ndi njinga yamoto ngati wophunzira amayamba wachita maphunziro otchedwa CBT. Mphunzitsi wake amayenera kukhala kuti wakhala ndi laisensi yonse ya njinga kwa zaka zosachepera zitatu. Akatuluka pabwalo kupita pamsewu, saloledwa kutenga ophunzira oposa awiri, amayenda nawo maola osachepera awiri, akulankhula nawo pa wailesi ya m'khutu. Wailesiyo mwana wanu sangaipeze msanga, koma lamulo la ophunzira awiri okha pamsewu angalitsate mawa lomwe popanda kulipira kalikonse.

Tsopano za ndalama, zimene ndikudziwa kuti ndizo zikukusowetsani tulo. Ndisakunamizeni, poyamba sizikhala zambiri. Amene akufunikira maphunziro kwambiri ndi amene alibe ndalama: mnyamata woyendetsa njinga ya bwana, amene madzulo aliwonse ayenera kupereka ya tsikulo, saona chifukwa chotayira tsiku pabwalo. Choncho kabaza asausiye lero. Aziphunzitsa Loweruka kapena masana pamene makasitomala achepa, ndipo adzere kwa tcheyamani wa siteji kuti anyamata azisonkha n'kuphunzira pagulu. Eni njinga awalankhulenso, chifukwa njinga ikaphwanyika wotaya ndi iwo.

Malipiro okhazikika ali kwina. Sukulu zophunzitsa kuyendetsa zimafuna munthu wa njinga. Mabungwe ndi nthambi za boma zimapereka njinga kwa alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, ena mwa iwo amayi amene sanagwirepo chiwongolero, ndipo amafuna wowaphunzitsa wokhala ndi mapepala. Bungwe la Riders for Health, limene njinga zake zimanyamula magazi ndi zina zokayezetsa kuchokera kuzipatala zakumidzi kupita ku malabu, linakhazikika pa mfundo yoti woyendetsa aphunzitsidwe bwino ndipo njinga izisamalidwa isanawonongeke. Malo otere amayang'ana laisensi, mbiri yopanda ngozi, ndi munthu wotha kulemba lipoti.

Pali zinthu ziwiri zimene zingamuike patsogolo pa anzake. China ndi umakaniko wa njinga zamoto; akafunse ku TEVETA za makoleji a ntchito zamanja amene amaphunzitsa zimenezi, pakuti mphunzitsi wodziwa kukonza njinga sagona ndi njala ophunzira akasowa. Chinacho ndi setifiketi ya chithandizo choyamba, imene a Malawi Red Cross Society ndi a St John amaphunzitsa. Pabwalo lophunzirira anthu amagwa ndithu, ndipo ayenera kudziwa kuletsa magazi komanso chifukwa chake munthu wodandaula khosi sanyamulidwa mwachisawawa kapena kuvulidwa helemeti mokoka. Akhalenso ndi kope lolembamo dzina la wophunzira aliyense, masiku amene anabwera ndi zimene anakhoza. Kope limenelo adzalionetsa pofunsira ntchito.

Chimene sindingathe kuchiona kuchokera kuno, inu mungachione, ndicho mtima wake. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wophunzira amazimitsa injini kakhumi motsatizana, amaiwala zimene wauzidwa mphindi yomweyo, ena amanjenjemera. Mphunzitsi wolusa kapena wonyoza amatulutsa woyendetsa wamantha, ndipo wokonda kuonetsa luso amatulutsa wothamanga. Loweruka likubwerali pitani kubwaloko, mukhale chapatali pamthunzi. Muone ngati akubwereza mawu omwewo kachisanu osakweza mawu mwaukali, ngati wophunzira wavala nsapato zotseka osati masilipasi, ndiponso ngati, injini isanalizidwe, akuyamba walowetsa zala ziwiri pansi pa lamba wa helemeti ya mwana wa eniakeyo.