Mbuzi zikutha m'khola, nditenge ngongole yogulira zina?

Funso: Alangizi, kwathu kuno ndi kouma, mvula imagwa miyezi itatu mwinanso osakwana. Chaka chatha ndinali ndi mbuzi 19, pano zatsala 12. Zina ndinagulitsa nthawi ya njala kuti tigule chakudya, zina zinafa, zina ndinathandizira achibale. Ndikufuna ngongole ndigule mbuzi 10 khola lidzadzenso, ndiye ndikatenge kuti komwe chiwongola dzanja chake ndi chochepako?

Yankho: Amayi, za komwe mungakatenge ngongolezo sindikuuzani, chifukwa mukatenga lero chaka chamawa mudzandilemberanso kalata yomweyi koma muli ndi ngongole pamwamba. Aliyense wondilembera za mbuzi amafunsa ngongole, palibe wofunsa kuti zinalipozo zinapita bwanji.

Inu mukuwerenga kuti mwataya 7 eti? Ayi ndithu. Mbuzi imakhala ndi bere miyezi 5, ikamadya bwino imaswa katatu pa zaka ziwiri. Tinene kuti pa 19 paja mikota inali 10, ndiye chaka chimenecho panabadwa ana 10 kapena kuposa. 19 ndi 10 ndi 29, inu muli ndi 12. Mbuzi 17 zatuluka m'khola mwanu pa chaka chimodzi, ndiye mukufuna muthiremo 10 zangongole mu khola lomwelo?

Chomwe chikukuphani ndi nthawi yomwe mumagulitsa. Kudera louma mitengo ya mbuzi ndi ya chakudya imayenda mosemphana. Anthu akangokolola chakudya chimatsika, mbuzi zili zonenepa chifukwa msipu ukadalipo. Ikafika njala aliyense akukokera mbuzi kumsika tsiku limodzi, zowonda nthiti zikuwerengeka, venda amangoigwira pamsana nkupukusa mutu nkutchula mtengo wake, inu simungakane poti ana kunyumba sanadye, pomwe chakudya chakwera kale. Tingoyerekeza, mbuzi yomwe pokolola ikanakugulirani matumba awiri, pa njala ikubweretserani theka la thumba. Ngati banja lanu limapelewera matumba 6 pachaka, pokolola ndi mbuzi zitatu basi, pa njala ndi 12. Chakudya chake chomwecho. Ndiye gulitsani atonde ndi mikota yokalamba zikadali ndi mnofu, mugule mapira kapena chilichonse mumadya, muike m'matumba osalowa mpweya aja kuti anankafumbwe asakuthereni. Misoti yokha musaigwire, imeneyo ndiye mpamba wanu.

Ndikudziwa zimawawa kugulitsa mbuzi pakhomo pali chakudya, anthu amati bwanji kodi, mwagwa mavuto? Asiyeni ayankhule. Kuchuluka kwa ziweto sikuteteza munthu mvula ikakana, ku Kenya, Somalia ndi Ethiopia pakati pa 2020 ndi 2023 mvula inalephera nyengo 5 zotsatizana ndipo ziweto mamiliyoni zinafa, za anthu odziwa kuweta kuposa ine ndi inu. Kumpoto kwa Kenya komweko, ku Marsabit, bungwe lofufuza za ziweto la ILRI linayambitsa inshulansi ya ziweto mu 2010 yomwe imalipira poyang'ana pa satelaiti mmene msipu wauma, osadikira kuti muonetse chitembo cha mbuzi. Ikapezeka kwanuko ifunseni, imeneyo ndi yabwino kusiyana ndi katapila.

Komanso ngongoleyo mukanabweza ndi chani? Mbuzi yogula lero idye, itenge bere, miyezi 5, mwana akule mpaka wogulitsika, chaka chatha kale. Wobwereketsa akufuna yake mwezi wamawa ndipo za mvula alibe nazo ntchito. Mapeto ake mugulitsa mbuzi zomwezo kuti mubweze, pa mtengo wa venda uja.

Tsopano pali mawu awa omwe andipweteka mutu mu kalata yanu, zina, zina, zina. Zingati amayi? Zafa zingati, mwezi uti, ndi chani? Gulani kope, lotchipa lomweli la ana asukulu, mbuzi iliyonse ikhale ndi mzere wake, tsiku loswa, tsiku lomwa mankhwala a nyongolotsi, tsiku lotuluka ndi komwe yapita. Mukapeza kuti ana ambiri akufa mvula ikangoyamba, kawirikawiri ndi nyongolotsi ndi matope a m'khola, mankhwala ake sangafike mtengo wa mbuzi imodzi, khola likwezeni m'mwamba. Akamafa chilimwe ndi njala, ndiye mapesi a mapira ndi zotsalira za khobwe muziunjika pa thandala pokolola m'malo mozisiya m'munda zizidyedwa ndi chiswe.

Nanga achibalewo? Sindikuti muwamane, mavuto amagwera aliyense ndipo tsiku lina adzakuthandizani ndi iwowo. Koma mzere wawo ukhalepo mu kopemo. Nenani chaka chisanayambe kuti zothandizira abale ndi mbuzi ziwiri, zikatha zatha, ndipo izikhala tonde osati msoti. Wobwera kuti ndibwerekeni ndidzabweza ikaswa yanga, lembani dzina ndi tsiku iye akuona, ambiri akaona cholembera amasintha nkhani.

Mbuzi 12 zomwe muli nazozo, ngati 7 ndi zazikazi ndipo ana asiya kufa, pakutha zaka ziwiri mwadutsa 19 ija opanda ngongole ya munthu. Mundilemberenso mukakolola, mundiuze zazikazi zilipo zingati komanso matumba omwe mumapelewera pachaka, tidzawerengere limodzi atonde oti agulitsidwe.