Achemwali, musalimbane ndi ana a aneba, yambani mwatulutsa SIM mu rautamo

Achemwali, ndawerenga zanuzi zoti bandulo ya pa rauta yanu ya WiFi ikutha msanga ndipo mukukayikira ana a aneba, mtima wanga wachita kuti myuu, moti ndasiya zimene ndimachita kuti ndikuyankheni pompano. Anthu onse m'makomentimu akuti sinthani pasiwedi ya WiFi, bandulo isiya kutha msanga. Zoona, sinthani. Koma pamene mwanena kuti rautayo anakuikirani mnyamata wina wa m'tauni, ndipo SIM ili m'katimo ndi nambala yanu yakale imene mukugwiritsabe ntchito pa WhatsApp, apo ndi pamene pandiopsa ine. Za bandulo n'zazing'ono. Ine zinandigwera chaka chatha kuno ku Matawale, ku Zomba, ndipo mpaka lero amayi anga akandiimbira foni ine osayankha msanga amayamba kunjenjemera.

Ndimaphika makeke a maukwati ndi zinkhoswe, maoda onse amabwera pa WhatsApp, komanso mwana wanga woyamba ali ku Chanco, amafuna intaneti usiku. N'chifukwa chake ndinagula rauta. Wondiikira anali mnyamata wokonza mafoni, mwana wa mayi amene timapemphera limodzi, woti ndamuona akukula, wadya nsima m'nyumba mwanga, amanditchula kuti anti. Ndi iyeyo amene anati, "Anti, netiweki imene imagwira bwino dera lino ndi ya SIM iyi, tiike imeneyi mu rauta, WhatsApp yanu izigwirabe pa foni, palibe vuto." Inkagwiradi, chifukwa WhatsApp ikangolembetsedwa sifunanso kuti SIM ikhale m'fonimo. Chimene anabisa n'chakuti mameseji onse obwera pa nambala imeneyo amakagwera mu rauta, ndipo munthu amene ali pa WiFi yanu n'kumadziwa pasiwedi ya admin amawawerenga bwinobwino pa foni yake.

Rauta ili ndi mapasiwedi awiri. Ija timapatsa alendo ili ngati kiyi wa pa geti, koma palinso wa kuchipinda, ndiye ya admin, yolowera m'kati mwenimweni mwa rautayo. Mumatsegula Chrome n'kulemba manambala amene ali pa kapepala komatidwa kunsi kwake, pa za Huawei kawirikawiri ndi 192.168.8.1, zina 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndiye imafunsa dzina ndi pasiwedi. Marauta ambiri, makamaka akale, amachoka ku fakitale dzina lili admin, pasiwedi ilinso admin. Iye anachotsa imeneyo n'kuika yake, ine osandiuza. Bandulo ikayamba kutha msanga amabwera yemweyo kudzasintha pasiwedi ya WiFi, ine n'kumupatsa ya kabaza ndi ya sopo, iye n'kumandiuza kuti ndi ana a nyumba yoyandikana nafe amene akundibera. Ndinafika posiya kupatsana moni ndi mayi wa anawo chifukwa cha mabodza ake.

Linali Loweruka. Ndinali ku holo ina m'tauni kuimika keke ya ukwati, zimkuzamawu zili pamwamba, foni ili m'chikwama pansi pa tebulo. Nthawi imeneyo iye anafika kuseri kwa mpanda wanga, poti WiFi imafika mpaka pa msewu, analemba nambala yanga pa WhatsApp ya foni yake, kodi ya manambala 6 imene WhatsApp imatumiza pa meseji potsimikizira nambala inagwera mu rauta, anaiwerenga n'kufufuta mesejiyo. Sanakhudze chitseko. Ngakhale galu sanauwe poti amamudziwa. Atalowa mu WhatsApp yanga anapeza magulupu anga onse, ya banja, ya amayi a kutchalitchi, ya banki m'khonde, chithunzi changa chili pomwepo. Ndiye analemba, akutchula dzina la mwana wanga wamng'ono, kuti wagundidwa ndi njinga yamoto pa Chinamwali, tili kuchipatala, magazi akutuluka m'khutu, pakufunika ndalama mwamsanga, tumizani pa nambala iyi chifukwa yanga yavuta, musandiimbire sindingathe kuyankhula. Amene anayesa kuimba nambala yanga ya WhatsApp ija palibe anayankhidwa, SIM ili mu rauta pamwamba pa kabati. Amene anali ndi nambala yanga ina anaimba, koma ndikanaimva bwanji m'phokoso la ukwati? Kusayankha kwangako ndi kumene kunawatsimikizira kuti nkhaniyo ndi yoona.

Achimwene anga ali ku Johannesburg anatumiza K150,000 nthawi yomweyo, kenako anaimbira amayi ku Jali. Amayi anga ndi a BP, miyendo imawavuta. Anasiya mpunga uli pa mkeka, anakwera galimoto kubwera m'tauni, anazungulira mawodi akutchula dzina la mdzukulu wawo, wina n'kuwauza kuti ngati sakupezeka m'mawodi akafunse kumochale. Anapita, achemwali. Mayi wachikulire yekhayekha anakaima pa khomo la mochale kufunsa za mwana amene nthawi imeneyo amatsuka mbale kuseri kwa nyumba yanga. Atalephera anabwera kunyumba, potsegula geti n'kumuona mwanayo akuthamangira kuti anganga abwera, iwo pomwepo anagwa pansi. Ine pofika ndinapeza amayi a kutchalitchi adzadza pa khonde, ena akulira, nsapato zili mbwee pa masitepe, ndipo ndinadziwa kuti pagwa maliro koma osadziwa kuti a ndani. Amayi anga anali atawagoneka pa mphasa m'chipinda chochezera, akuwakupiza ndi chitenje. Phazi lina anavala patapata, lina nsapato ya pulasitiki. Kunsonga kwa chitenje chawo anamanga mfundo, pomasula munali ndalama za mpunga, ma K1,000 ndi ma K500 opindidwa tizidutswa, onyowa ndi thukuta, zimene anatenga kuti akalipirire mwana kuchipatala. Sanayankhule mpaka usiku, anangomugwira mwanayo dzanja osamusiya ngakhale popita kukamwa madzi.

Msungichuma wa banki m'khonde anali atatapa kale K80,000 m'thumba la zadzidzidzi. Ena anatumiza K5,000, ena K2,000, amayi oti amagulitsa tomato pa Mpondabwino, ndalama ya mpamba wawo. Zonsezo ndinabweza ndekha pang'onopang'ono chifukwa dzina limene linapempha linali langa.

Kubweza WhatsApp kunalinso nkhondo. Kodi ikatumizidwa imapita mu rauta, mu rautamo sindingalowe poti pasiwedi ya admin ndi yake. Mwana wanga wa ku Chanco ndi amene anati tingotulutsa SIM tiike mu foni. Kodi inabwera, titailemba wakubayo anatulutsidwa, koma anali ataika PIN yake ya two-step verification, ndipo WhatsApp ikafika pamenepo imakudikiritsa masiku 7 ngati PIN-yo sukuidziwa. Sabata yathunthu m'nyengo ya maukwati ndilibe WhatsApp, makasitomala ena anapita kwina, ena anamva mphekesera yoti ndimapempha ndalama monamizira ngozi ya mwana. Imeneyo ndi imene imandiwawa mpaka lero, kuti pali anthu m'Zomba muno amene amakhulupirira kuti ine ndingaphe mwana wanga ndi pakamwa chifukwa cha ndalama.

Amene anaulula ndi mayi yemwe uja ndinasiya kumupatsa moni. Anamuona mnyamatayo atatsamira mpanda wanga masana amenewo, maso ali pa foni, ndipo si kanali koyamba. Nambala imene inalandira ndalama titaifufuza inali m'dzina la agogo ena a kumudzi oti alibe n'komwe foni, kusonyeza kuti wina anagwiritsa ntchito chitupa chawo. Titamupanikiza anavomera pamaso pa mayi ake, akulira misozi yabodza, ati ngongole za kubetcha mpira zinamukwana. Kubetcha! Amayi anga akanafera pa geti chifukwa cha kubetcha kwa munthu amene ndinkamusungira mkute. Ndiye taonani mmene anthu amachitira: mayi ake anabwera ndi akuluakulu awiri, ati tikambirane zapachibale, musamuonongere tsogolo mwana, Mulungu amakhululuka. Za tsogolo la amayi anga palibe anafunsa. Za dzina langa palibe anafunsa. Anandizungulira mpaka nkhani inathera pa khonde, analonjeza kubweza mwezi ndi mwezi, anabweretsa kamodzi kokha basi. Lero akadali pa benchi yake m'tauni, anthu akumusiyira mafoni otsegula, muli zithunzi, muli mameseji a kubanki, iye akuti mubwere mawa. Tikakumana amandipatsa moni wa anti ngati palibe chinachitika, ine magazi amachita kuwira.

Tsono inu chitani izi lero, musadikire mawa. Tulutsani SIM-yo muike mu foni yanu. Mu rauta muike SIM yatsopano ya data yokhayokha, yolembetsedwa m'dzina lanu, yosalumikizidwa ku WhatsApp, Facebook, Gmail, kubanki, Airtel Money kapena Mpamba. Kenako kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa Reset, tengani phini mudine m'menemo masekondi 10 kapena kuposerapo rauta ili yoyaka, ibwerera mmene inachokera ku fakitale ndipo pasiwedi ya mnyamatayo ifufutika. Mukatero lowani nokha, muike pasiwedi ya admin yanuyanu, ndi ya WiFi ina yosiyana nayo, yaitali, zilembo zosachepera 12. Isakhale nambala yanu ya foni, dzina la mwana kapena chaka chobadwa, zimenezo aneba onse amazidziwa. Pa security musankhe WPA2, kapena WPA3 ngati ilipo, ndipo WPS, njira yolowera pa WiFi osalemba pasiwedi, muizimitse chifukwa ka PIN kake ka manambala 8 kanadziwika kalekale mu 2011 kuti n'kosavuta kuthyola.

Wina wanena pamwambapa kuti mungobuloka mafoni achilendo. Zimathandiza kwa kanthawi, koma mafoni a masiku ano amatha kusintha nambala imene rauta imawazindikira nayo, ndiye amene mwabuloka lero mawa abweranso ngati mlendo. Komanso dziwani kuti kuyambira pa Android 10 aliyense amene ali pa WiFi yanu akhoza kuonetsa QR code, mnzake n'kujambula n'kulowa, ngakhale inu munachita kumulembera nokha pasiwediyo mobisa. Choncho musapatse aliyense, ngakhale aneba, ngakhale ana a achemwali anu obwera ku holide. Ndikudziwa kuti pa Chimalawi kumana munthu n'kovuta, ndiye ngati rauta yanu ili ndi Guest WiFi, yomwe ndi WiFi yapadera ya alendo, muyatse imeneyo, muziwapatsa imeneyo n'kumaisintha pafupipafupi.

Pa WhatsApp pitani pa Settings, Account, Two-step verification, muike PIN yanu ndi imelo imene mumaitsegula nokha. PIN imeneyo ikanakhalapo, mnyamata uja akanaima pompo ngakhale anali ndi kodi m'manja. Muyang'anenso pa Linked devices, mukapeza kompyuta kapena foni yosaidziwa muitulutse. Kodi iliyonse yobwera pa meseji musauze munthu, kaya akuti ndi wa kampani ya mafoni, kaya ndi mnzanu akuti yabwera kwa inu molakwika. Muuzenso abale anu, makamaka achikulire a kumudzi, kuti akamva za ngozi pa meseji asatumize kanthu kapena kukwera galimoto asanamve mawu anu kapena a munthu wina wa pakhomopo.

Za chitupa cha unzika nazonso samalani. Chiyambire 2018 SIM iliyonse imayenera kulembetsedwa, ndiye akuba amasakasaka mafotokope a zitupa za anthu ena kuti nambala zawo zizioneka za eni ake osalakwa, monga agogo aja. Mukapereka fotokope kulikonse, lembani ndi bolopeni modutsa pakati kuti ndi ya ntchito yanji komanso tsiku lake, ndipo yolakwika musaisiye pa shopu ya fotokope, muitenge mukaotche.

Ndipo mukapeza kuti wina walowa kale, pitani kupolisi, musalole zokambirana pa khonde. Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limaletsa kulowa mu kompyuta kapena mu zinthu za munthu popanda chilolezo, ndipo mu 2024 kunabweranso Data Protection Act, imene woyang'anira wake ndi MACRA. Musadzione ngati wopepera kukadandaula. Mu February 2024 pulezidenti wa nthawi imeneyo, Chakwera, anauza nyumba ya malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa mu makina opangira mapasipoti n'kumafuna dipo, ndiye ngati zinafika kumeneko, kuli bwanji rauta ya pa kabati. Jambulani ma screenshot a zonse musanafufute chilichonse, ndi nambala imene yalandira ndalama.

Mnyamata wanuyo musamuitanenso, ndipo musamuuze kuti mukusintha. Musakhulupirire munthu aliyense pa zinthu zimenezi. Ngati Reset ikukuvutani pezani mwana wodziwa, a ku Chanco adzadza ku Chikanda uko, akuthandizeni inu muli pomwepo, koma pofika polemba pasiwedi mumulande foniyo mulembe nokha iye atayang'ana kumbali. Lolemba mupitenso kubanki kwanu mukafunse kuti mameseji a ndalama ndi makodi amapita pa nambala iti, chifukwa ngati ndi yomwe inali mu rautayo ndiye kuti wakhala akuona ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, mukasinthiretu PIN tsiku lomwelo.